Phokoso si mlandu, mlandu ndi mpanda

Mphwanga amene ndimakhala naye kuno ku Chibavi ali ndi kasipika kochepa ngati theka la buledi, koma kakalira kamadzutsa mdadada wonse wa nyumba za lendi. Loweruka lina m'mawa, kamvula kathu ka ku Mzuzu kaja kakuwaza mosaonetsa kuti kaleka, mnyamatayu anaika nyimbo imene inawapeza amayi eni nyumba ali pampopi. Anasiya ndowa ikusefukira n'kubwera kudzagogoda.

"Bambo, m'nyumba muno n'kwabwino?"

Ndinati n'kwabwino amayi, ndi nyimbo chabe. Anamvetsera kanthawi, mutu atapendeketsa, kenako anati: "Ngati ndi nyimbo, ndiye kuti woimbayo anthu akumupanda. Auzeni amusiye mwana wa eni."

Amene ankati akupandidwayo ndi Bryan Garris, woimba wa gulu la Knocked Loose la ku Kentucky m'dziko la America, ndipo panalibe amene ankamukhudza. Ndimo mmene amaimbira. Mawu ake ndi oonda, okwera, ngati a munthu amene phala lamoto lamutayikira pamwendo. Nyimboyo ili m'chimbale chawo cha mu May 2024 chotchedwa You Won't Go Before You're Supposed To, chomwe chili ndi nyimbo 10 koma chonse chimatha mphindi 30 zisanakwane. Mutatereka nyemba chikuyamba, chingathe nyembazo zisanayambe n'kufewa komwe.

Nyimbo za mtundu umenewu amazitcha hardcore. Ndi mwana wa punk, mtundu wa nyimbo za rock zaphokoso ndi zachipanduko, wobadwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 m'mizinda ngati Washington D.C. ndi Los Angeles. Achinyamata anatenga punk ya ku London ndi New York, yomwe inali yaukali kale, n'kuithamangitsa kawiri, n'kuidula mchira. Ng'oma zothamanga, gitala yokalipa, munthu wokuwa, mphindi imodzi kapena ziwiri, basi yatha. Kwa zaka pafupifupi 40 nyimbozi zinkakhala m'zipinda zapansi ndi m'timaholo tonunkha thukuta. Koma kuyambira cha mu 2021 zatulukira pabwalo, moti magulu amene kale ankagona pansi m'nyumba za owatsatira lero akuoneka pa wailesi za kanema ndiponso pamwambo wa Grammy, mphoto zikuluzikulu za oimba ku America. Zimenezi zautsa mkangano pakati pa okonda nyimbozi. Ena akuti zimbale zatsopanozi zathiridwa madzi ngati mkaka wa pamsika, ndipo oimbawo agulitsa mtundu wawo. Ena akuti ayi, mvetserani bwino, ukali ulimobe.

Mkanganowo ndautsatira pafoni mpaka mayunitsi kundithera, ndipo ndaona kuti mbali zonse ziwiri zanyamula muyeso umodzi wolakwika. Zikuyeza phokoso. Zikufunsa ngati woimba akukuwabe, ngati gitala ikulumabe. Chimene chinapanga hardcore ndi kusowa kwa danga pakati pa woimba ndi womvera. Ine chimbale chatsopano chilichonse ndimachifunsa funso limodzi: kodi chikamaimbidwa pagulu, mwana amene walipira pakhomo angathe kukwera pansanja, kugwira maikolofoni, kukuwa mzere wake umodzi n'kudziponya m'manja mwa anzake? Ngati angathe, kaya muikemo chitoliro kaya limba, kwa ine palibe chaipa. Koma pakati pakaikidwa mpanda wachitsulo ndi mabaunsa, kuwani mpaka mawu aphwe, mwasanduka oimba ngati ena onse.

Muyeso umenewu sindinaupeke ndine. Mu 1980 anyamata ena a ku Washington, mmodzi mwa iwo Ian MacKaye, gulu lawo la Teen Idles litatha, anatenga tindalama timene anasunga poimba n'kukadinditsa okha mbale ya nyimbo zawo. Zikuto zake ankadula, kupinda ndi kumata ndi manja awo. Ndimo mmene inayambira kampani ya Dischord, yomwe ilipobe mpaka lero. Nthawi imeneyo iwo anali ana osaloledwa kulowa m'mabala mmene munkachitika zoimbaimba, ndiye anapempha eni malo kuti aziwalemba X kuseri kwa dzanja, kuti wogulitsa mowa akaona asawapatse. Chizindikiro chonyozekacho anachisandutsa chonyadira. Gulu lotsatira la MacKaye, Minor Threat, linaimba nyimbo ya masekondi 46 okha, "Straight Edge", imene inabala mbadwo wonse wa achinyamata okana mowa, fodya ndi mankhwala ozunguza bongo. Nkhani imeneyi ndimakonda kuwauza anzanga amene amati nyimbo zaphokoso ndi za anthu osuta chamba. Pambuyo pake, MacKaye ali ndi gulu la Fugazi, anaumirira kuti pakhomo pazikhala madola 5 ndiponso kuti munthu wa msinkhu uliwonse azilowa, ngakhale pamene akanatha kulipiritsa kangapo kuposa apo.

Nkhani zonsezi ndi za khomo: ndani alowe, alipire zingati, akalowa aime pati.

Tsono tiyeni tichiike pasikelo chimbale chimene chautsa mapiri pachigwa, Never Enough cha gulu la Turnstile la ku Baltimore ku America, chomwe chinatuluka pa 6 June 2025. Gululi linayamba mu 2010 m'timaholo tomwe tija. Chimene chinalitulutsa ndi chimbale cha mu 2021, Glow On, chomwe chinaliika pampikisano wa Grammy m'magawo atatu. Never Enough chili ndi nyimbo 14 ndipo chimatenga mphindi pafupifupi 45, zomwe m'dziko la hardcore ndi ngati ulaliki wa Lachisanu Loyera. Chimayamba ndi kiyibodi yoyandama pang'onopang'ono, woimba Brendan Yates akuimba mawu omveka bwinobwino, osakuwa. Muli malipenga. Muli chitoliro cha Shabaka Hutchings, katswiri wa jazz wa ku London. Hayley Williams wa gulu la Paramore akumveka chakumbuyo mu nyimbo ina. Nyimbo ya "Look Out for Me" imapitirira mphindi 6, ndipo ikamatha gitala zimakhala zachoka kale, kwangotsala kugunda kwa nyimbo zovinira usiku. Mu February 2026 chimbalechi chinapata Grammy ya chimbale chabwino cha rock, ndipo nyimbo ya "Birds" inapata ina m'gawo la metal, nyimbo za rock za gitala zolemera kwambiri.

Kwa amene amayeza phokoso, mlandu watha pamenepo, Turnstile yapandukira kwawo. Koma taonani zimene anachita mwezi wa May 2025, chimbale chisanatuluke. Anakaimba kwawo ku Baltimore, pabwalo la Wyman Park Dell, dzuwa lisanalowe, kulowa kwaulere, ndipo ndalama zimene anthu anapereka mwa kufuna kwawo zinapita ku bungwe losamalira umoyo wa anthu osowa pokhala. Kanema wa tsikulo ali pa YouTube ndipo ndamuonera kangapo. Anthu zikwizikwi, ena atakwera m'mitengo, ndipo pansanja pamangodutsa anthu ngati pamlatho: wina akwera, athamanga masitepe atatu, adziponya, wina akwera. Woimba nthawi zina samaoneka n'komwe. Gulu limene likanatha kudzaza holo yamatiketi odula linasankha kuyambira pamenepo. Pa muyeso wanga, tsiku limenelo linali hardcore yeniyeni, ngakhale kuti nyimbo zina zimene ankaimba amayi eni nyumba athu akanatha kuzimvera akusita zovala.

Sindikuti chimbalecho chilibe banga. Kangapo konse nyimbo imathera m'mtambo wa kiyibodi umene umakhalitsa ngati mlendo amene watsanzika koma akadali chiimire pakhomo. Ndiponso pali nyimbo zingapo zimene ukamamva umadziwiratu kuti anazisokera bwalo lalikulu, kuti khamu la anthu likaziyankhe ndi mawu amodzi. Apa ndi pamene pali nkhawa yanga yeniyeni. Walira mvula walira matope. Gulu likakula, eni mabwalo akuluakulu ndi makampani a inshuwaransi amafuna mpanda, chifukwa wina akathyoka khosi mlandu umagwera iwo. Tiketi imakwera mtengo. Mwana wa sukulu amene anali woyamba kudziponya pansanja zaka 10 zapitazo amapezeka ali kumbuyo kwenikweni, akuonera pa chinsalu chachikulu. Kiyibodi ilibe mlandu pamenepo. Mpanda ungabwere ngakhale gulu litapitiriza kukuwa ngati kale.

Umboni wake ndi Knocked Loose yomwe ija. Palibe amene anganene kuti iwowa afewa. Chimbale chawo cha mu 2024 n'chaukali kuposa zimene anatulutsa ali osadziwika, ndipo ena amachiika kale m'gulu la metal chifukwa cha kulemera kwa gitala zake. Koma ukali umenewo ndi umene unawafikitsa pa pulogalamu ya Jimmy Kimmel ya pa wailesi ya kanema ku America mu November 2024, kumene anaimba "Suffocate" ndi mtsikana woimba wotchedwa Poppy, oonera ena n'kudandaula pa Facebook ngati mmene anachitira amayi athu a pampopi. Nyimbo yomweyo inapikisana nawo pa Grammy. Phokoso lero ndi malonda, limagulitsa ngati china chilichonse. Choncho munthu amene akuti "awa ndi enieni chifukwa akukuwa" sanafunse funso lililonse. Chimbalecho ndimachikonda, makamaka mutu wake, umene Garris anautenga kwa mayi wina amene anamulimbitsa mtima m'ndege iye akunjenjemera ndi mantha. Ndi mawu omwe agogo athu amanena pamaliro, kuti munthu sapita tsiku lake lisanakwane. Koma kuchikonda kwanga sikukutanthauza kuti chapambana Never Enough pa nkhani ya khomo.

Ndipo amene amalira kuti hardcore yoyera yadetsedwa ndi zosakaniza aiwala kholo lawo. Limodzi mwa magulu amene anayambitsa nyimbozi ndi Bad Brains, anyamata anayi akuda a ku Washington amene poyamba ankaimba jazz yosakaniza. Ataona Bob Marley akuimba analowa Chirasta. Kaseti yawo ya mu 1982, yachikasu ija yojambulidwa mphezi ikuomba nyumba ya malamulo ya America, imathamanga ngati galimoto yoduka mabuleki pa Chiweta, kenako mwadzidzidzi imaima n'kulowa reggae yodekha, yoti munthu wa ku Chileka angagwedeze nayo mutu osafunsa kuti aimba ndani. Kusakaniza kunalipo kuyambira tsiku loyamba. Ndiponso aliyense wondiuza kuti izi ndi nyimbo za azungu ndimayamba ndamuonetsa chithunzi cha Bad Brains, kenako cha Franz Lyons woimba besi wa Turnstile, kenako ndimamuikira Diaspora Problems, chimbale cha mu 2022 cha gulu la Soul Glo la ku Philadelphia, mmene Pierce Jordan amalavula mawu ochuluka ngati woimba rap pa nkhani za umphawi ndi za kukhala munthu wakuda ku America.

Pa zimbale zonse za zaka zapitazi, chimene ndimabwererako kawirikawiri ndi Only One Mode cha gulu la Speed la ku Sydney, cha mu July 2024. Ambiri m'gululi ndi ana a mabanja ochokera ku Asia, ndipo sabisa kuti anakulira pakati pa tsankho. Nyimbo zake ndi zazifupi, zolemera, zopangidwira kuti gulu la anthu liziyankha. Ndiye pakati pa nyimbo ya "The First Test", pamene aliyense akudikira kuti zinthu ziphulike, woimba Jem Siow amatulutsa chitoliro n'kuyamba kuliza. Anachiphunzira kusukulu ndipo ankaphunzitsa ana. Poyamba ndinaseka. Kenako ndinaona makanema awo a pagulu, mmene chitolirocho chimalira anthu atamuzinga mbali zonse, wina akudutsa pamsana pake, ndipo ndinasiya kuseka. Chimbalechi chinapata mphoto ya ARIA kwawo ku Australia, ndipo mu 2025 anakaimba ku Coachella ku America, chikondwerero cha zoimbaimba cha anthu a ndalama. Nawonso mpanda ukuwayandikira.

Gulu la Scowl la ku Santa Cruz ndingolitchula mwachidule, chifukwa nkhani yake imandikwiyitsa. Chimbale chawo cha mu April 2025, Are We All Angels, chili ndi kuimba kwambiri kuposa kukuwa, ndipo ine sichinandigwire mtima kwenikweni ngati choyamba chawo cha mu 2021. Koma mwano umene woimba wawo Kat Moss analandira, mpaka kumunena kuti anachita kuikidwa mu hardcore ndi makampani a nyimbo, sunafanane ndi umene amuna ochita zomwezo analandira. Mpanda wina suoneka ndi maso, ndipo amaumanga ndi omwe amadzitcha alonda a hardcore.

Mwina wina wafika pano akufunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife a ku Mzuzu, kumene kulibe n'komwe sitolo yogulitsa zimbale zotere. Funsolo ndi loyenera. Yankho langa ndinalipeza chaka chatha m'holo ina m'tauni muno, pamwambo wokhazikitsa chimbale cha mnyamata wina waluso amene ndimamudziwa kuyambira ali mwana. Kutsogolo kunali tebulo la nsalu yoyera, maluwa apulasitiki ndi madzi a m'mabotolo. Kumbuyo kwake mipando ya olipira zambiri. Ife a tiketi wamba tinali kumapeto, pafupi ndi khomo, kumene mphepo ya mwezi wa June imalowera. Mlendo wolemekezeka anachedwa maola awiri ndipo palibe chingwe cha gitala chimene chinakhudzidwa iye asanafike. Atafika panali malonje, zolankhula, kenako wotsogolera mwambo anayamba kugulitsa CD imodzi mopikisana, akutchula maina a mabwana mmodzimmodzi kuti aimirire anene zimene alonjeza. Mwini chimbale anaima pambali, manja kumbuyo, ngati mwana amene akudikira kuti aphunzitsi amuwerengere zotsatira za mayeso. Pamene ankayamba kuimba, theka la ife tinali titatuluka kukasaka kabaza usiku usanakule.

Sindikumunyoza mnyamatayo. Ndikudziwa chimene chimamufikitsa pamenepo. Nyimbo ikatuluka lero, mawa ili kale m'makompyuta a anyamata oika nyimbo m'mafoni kumsika, ndipo woimba saona ngakhale tambala. Ndalama zimene bungwe loteteza umwini wa nyimbo la COSOMA limagawa zimathandiza, koma sizibwera mwezi ndi mwezi. Spotify, kampani yomvetsera nyimbo pa intaneti, inafika ku Malawi mu 2021, komano kuyambira mu 2024 nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 pa chaka siilipiridwa kanthu. Ndiye woimba amaona kuti njira yokhayo yobwezera ndalama ya situdiyo ndi tebulo la nsalu yoyera lija. Vuto ndi lakuti amene chimbale chake chalipiridwa ndi bwana sangaimbe za bwanayo. Pakamwa pamene pali nthongo ya eni sipatukwana. Timadabwa kuti n'chifukwa chiyani nyimbo zathu zambiri zimangozungulira pa chikondi, ukwati ndi adani osatchulidwa maina, pamene mumzinda muno nkhani zoti munthu akuwe nazo zili mbwee. Ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023. Anthu agona pamizere ya mafuta. Ku manda a Zolozolo kwagona anthu amene anaphedwa pa zionetsero za pa 20 July 2011. Mkwiyo ulipo. Evison Matafale anauimba m'reggae, ndipo tonse tikudziwa kuti anafera m'manja mwa apolisi mu November 2001. Lucius Banda anauimba kwa zaka zambiri mpaka anthu kumutcha msilikali wa amphawi. Pambuyo pa iwowa mzerewo ndi waufupi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti danga limeneli pakati pa woimba ndi womvera si lathu. Tinachita kulandira limodzi ndi tebulo la nsalu yoyera. Pitani ku Mzimba mukaone ingoma, mundiuze pamene pali nsanja. Pitani ku Nkhata Bay pa malipenga. Pa vimbuza, gule amene UNESCO inamuika pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse, odwala amavina pakati, amayi atazungulira akuimba ndi kuomba m'manja, ng'oma zili pomwepo, ndipo palibe amene wabwera kudzangoonerera. Sindikufanizira vimbuza ndi dansi ya achinyamata a ku Baltimore. Vimbuza ndi mankhwala, ali ndi mizimu yake ndi malamulo ake, ndipo ndingalakwire eni ake nditawasandutsa chitsanzo chabe. Ndikungoti mwana wa ku America akadziponya m'manja mwa anzake akufunafuna chinthu chimene ife tinali nacho kale, ndipo tikuchisinthanitsa ndi mipando yolembedwa maina.

Pali zotsutsa zimene sindingazilumphe. Choyamba ndi cha kuvulazana. Kavinidwe ka pa hardcore ndi kogundana, kukankhana, ena kuponya mikono ndi miyendo m'mwamba, ndipo anthu amathyoka mphuno ndithu. Lamulo lake losalembedwa ndi lakuti wina akagwa mumudzutse msanga, koma si onse amalisunga, ndipo kawirikawiri amene amathawira kumbuyo ndi atsikana ndi anthu ochepa thupi. MacKaye yemwe uja, ali ndi Fugazi, ankaimitsa nyimbo pakati kuti adzudzule ovulaza anzawo, nthawi zina n'kuwabwezera madola awo 5 kuti atuluke. Ndiye kuchotsa mpanda wachitsulo pakokha sikukwanira, chifukwa zibakera za anyamata amphamvu zimatha kukhala mpanda woposa wachitsulowo. Apa ndikuvomera kuti muyeso wanga uli ndi polowera mphepo.

Chachiwiri ndi chija timamva kawirikawiri kuno, chakuti nyimbo zokuwa ndi za satana. Ichi sindichitaya nthawi. Bad Brains ankaimba za Jah. Minor Threat ankaletsa mowa kuposa mmene alaliki ena amachitira. Munthu akhoza kudana ndi phokoso, ndi ufulu wake, koma asalipatse mlandu umene sanaufufuze.

Chachitatu ndiye cholemera: ndalama. N'zosavuta kwa mwana wa ku Washington kunena kuti chita wekha, pamene gitala yakale angaigule ndi malipiro a sabata imodzi. Kuno ng'oma zachizungu zathunthu ndi zokuzira mawu zimapezeka makamaka m'matchalitchi, ndipo abusa sangakubwerekeni kuti mukakuwire boma. Zingwe za gitala zenizenizo zimachokera kunja, ndi ndalama yakunja imene ikusowayi. Zoona. Koma pafupi pomwepa pa Nkhata Bay pali Gasper Nali, amene anadzipangira babatoni ya chingwe chimodzi, amaiimba ndi botolo ndi kamtengo, phazi likugunda ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, ndipo wakaimba nayo mpaka ku Ulaya. Madalitso Band anayambira m'misewu ya ku Lilongwe ndi zipangizo zotero. Mvetserani liwiro la nyimbo zawo ndi mmene zimabwerezera chinthu chimodzi mpaka thupi ligonje. Kwa ine iwowa ali pafupi ndi mzimu wa Dischord kuposa magulu ambiri a ku America ovala malaya olembedwa hardcore. Anzathu oyandikana nawo anayesa kale njira yamagetsi: National Wake ku Johannesburg, akuda ndi azungu m'gulu limodzi nthawi ya tsankho, TCIYF ku Soweto, Crystal Axis ku Nairobi. Ku Zambia kuno gulu la WITCH la m'ma 1970 linadzuka n'kutulutsa chimbale chatsopano mu 2023. Palibe mwa amenewa amene anayamba ndi mlendo wolemekezeka.

Chotsutsa chomaliza ndimadzitsutsa nacho ndekha. Ndine yani kuti ndiziyeza danga la pakati pa woimba ndi womvera, pamene ine ndili kuseri kwa nyanja yamchere, ndikuonera pa kagalasi ka foni kong'aluka pakona? Palibe womvera amene ali kutali ndi nsanja ya Turnstile kuposa ine. Sindinagundidwepo ndi phewa la munthu m'holo yotero. Zonse ndimazidziwira kwa anthu ngati Sunny Singh, amene amajambula magulu amenewa n'kuika makanema ake kwaulere pansi pa dzina la hate5six. Mwina n'chifukwa chake nkhani ya mpanda imandigwira chonchi. Wokhala kunja kwa mpanda ndi amene amadziwa kutalika kwake. Ndipo zimbale zatsopanozi, zofewa ndi zaukali zomwe, zandichitira chinthu chimodzi chimene zakale zija sizikanatha: zafika ku Chibavi. Mphwanga sakanamva za Minor Threat pakanapanda Glow On kumukokera pakhomo. Amene akufuna kuti hardcore ikhalebe chinsinsi cha anthu 200 m'chipinda chapansi ku Baltimore akumanganso mpanda, ndipo ine ndi mphwanga tili kunja kwake.

Mnyamatayu tsopano ali ndi anzake atatu. Mmodzi amaphunzira ku Mzuni, wina amagwira ntchito ya ukalipentala ku Luwinga, ndipo m'shedi ya kalipentalayo ndi mmene amakumana Lamlungu masana, mabwana a shediyo atapita kwawo. Ali ndi gitala imodzi ya zingwe zisanu, besi yobwereka, ndi ng'oma zimene theka lake ndi zigubu. Ali ndi nyimbo zinayi, ziwiri m'Chichewa, ziwiri m'Chitumbuka, ndipo zonse pamodzi sizikwana mphindi 7. Imodzi ndi ya mzere wa mafuta. Kunena zoona sanafike poti n'kuwatcha odziwa, woimba ng'oma amathamanga kusiya anzake m'mbuyo. Koma akufuna kuimba pagulu mwezi wa August, m'shedi momwemo, ndipo anabwera kudzandifunsa nzeru.

Ndinawauza kuti nsanja isatalike kuposa kreti ya zakumwa, pakhomo pakhale mtengo wa kabaza ulendo umodzi, mipando asaike ngakhale umodzi, ndipo wina aime pakati kuyang'anira kuti atsikana asakankhidwire kukhoma. Onse anavomera. Kenako kalipentala uja anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Koma amalume, magetsi akazima titani? Jenereta ilipo kwa aneba, koma mafuta ake ndiye nkhani." Wa ku Mzuni anati iye akudziwa mkulu wina amene akufuna kudzaima nawo pa chisankho chikubwerachi, ndipo atha kugula malita 10 mosavuta, bola amuike pa positala ndiponso amupatse mphindi zisanu zolankhula. Mphwanga anakana mokweza mawu. Woimba ng'oma anati mphindi zisanu si kanthu. Mphwanga anati mphindi zisanu ndi nyimbo zawo zitatu.

Anakangana mpaka mdima, ine ndili phee pabenchi yosamalizidwa kupala. Pamene ndikulemba pano positala sinasindikizidwe, ndipo mafuta a jenereta sanapezekebe.